Pitsa ya Wongani

Adada Nyirenda tinakawaika kwawo ku Manyamula mwezi wathawu, ndipo masiku ano nyumba yanga yangoti zii. Zaka zonse zimene ndakhala pa lendi m'nyumba zawo pano pa Mzimba boma, kuseri kwa khoma la chipinda changa kunkang'ung'udza fuliji. Phokosolo ndinkadandaula nalo, mpaka ndinkauza anzanga kusukulu kuti ndinayandikana ndi chigayo. Lero ndimapezeka ndaima pakhomapo nditatchera khutu, ngati munthu wosowa chochita.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno anangondituma kudzaphunzitsa. Adada sanandiitanepo ndi dzina langa. Kwa iwo ndinali a Msambizgi, ndiko kuti mphunzitsi m'Chitumbuka, ndipo mawu a Msambizgi ankawatenga ngati chigamulo cha kukhoti. Ulemu umenewu ndinkaukonda, sindikana, ndipo ndi womwewu ukundisowetsa mtendere lero.

Anali munthu wamtali, woonda, wa jekete limodzi lokhuthala la ku fakitale limene ankalivala ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ankati chisanu cha ku Joni chinawalowa m'mafupa ndipo chinakana kutuluka. Asanagwire ufa ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuvala kachipewa koyera kamene ana a pamalopo ankakaseka akatembenuka. Magetsi akangozima ankafunditsa fuliji mabulangete awiri, n'kukhala pamwamba pake ngati nkhuku yofungatira, kuti wina asayerekeze kutsekula. Mufuliji imeneyo simunkalowa nyama ya mnansi, ngakhale botolo la madzi. Mkulu wa mpingo wina anabwera ndi mwendo wa mbuzi kuti amusungire, nabwerera nawo. Anthu ankawanena kuti ndi oumira, iwo n'kumangoyankha kuti fuliji sinama, chimene waikamo ndi chimene udzatulutse, ndiye sangaikemo fungo la mbuzi ya mwini.

Ku Joni anakhalako zaka zambiri, akugwira ntchito pa fakitale yopanga pitsa zoumitsa ndi chisanu. Anayamba ndi kunyamula makatoni m'chipinda chozizira, kenaka kupaka tomato, n'kumalizira pokanda ufa. Akayamba kufotokoza za kumeneko ntchito zako zinkaima. Ankati pitsa zinkadutsa pa lamba ngati ana a sukulu pa mzere, n'kulowa m'chisanu zili zofewa, n'kutulukira mbali inayo zitauma gwa. Ankati mayi wa kumeneko akaweruka atatopa amangoiponya mu uvuni, ndipo ana asanamalize kusamba chakudya chapsa. Pobwerera kuno anzawo ankakweza malata, masofa ndi mawailesi pa ngolo za matransipota. Iwo anakweza fuliji yaikulu yogona chagada, naikumbatira njira yonse paliponse pamene galimoto yaima. Pa depoti anthu anaseka kuti a Nyirenda adzigulira bokosi la maliro akadali moyo.

Nthabwala imeneyo sanaiseke, chifukwa mabokosi enieni anawaona ambiri akuchokera ku Joni pa ngolo zomwezo, atapanikizidwa pakati pa njinga ndi matiresi. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, Wongani, anali komweko, akutsuka magalimoto. Adada ankakonda kunena kuti Mzimba imabereka, Joni n'kumadya. Chimene ankafuna pa moyo wawo wonse wotsala chinali chimodzi, kuti Wongani abwere atakhala pa mpando wakutsogolo, osati atagona kumbuyo. Koma ankadziwanso kuti mnyamata sabwerera kudzangokhala pakhonde. Pafunika chinthu choti adzachipeze, ndipo chinthucho chinali pitsa. Pakhoma loyang'ana kumsewu analembetsa ndi penti yofiira kuti PITSA YA WONGANI, mwini dzina asanaivomere n'komwe.

Mayi a kunyumba, amama NyaTembo, nawo ankafuna chomwecho, koma njira yawo inali ina. Kumudzi ku Manyamula kunali khola la ng'ombe zimene ndalama za ku Joni zinagula, ndipo kwa amama ng'ombezo zinali malowolo a Wongani. Ankati mwana wamwamuna amabwezedwa ndi mkazi, osati ndi chitumbuwa chopaka tomato. Mkangano umenewu unali wa tsiku ndi tsiku, wa m'Chitumbuka chothamanga chimene ine ndinkangotolapo mawu awiri, ng'ombe ndi Wongani. Ukatha, amama ankakhalabe pansi n'kuwadulira anyezi.

Vuto loyamba linali lakuti pa Mzimba anthu a uvuni ndi owerengeka. Adada sanagwe nazo mphwayi. Anachepetsa pitsa yawo kuti ikwane m'poto, n'kuyamba kuphunzitsa anthu kuitenthetsa pa mbaula: makala ochepa pansi, chivindikiro chachitsulo pamwamba, makala ambiri pachivindikiropo, monga muja tiphikira chikondamoyo. Mwezi ukatha ankamanga mbaula ndi bokosi lozizira pa njinga, n'kukaima pafupi ndi maofesi kapena pageti la chipatala, n'kuphika anthu akuona. Ikapsa ankaidula timagawo ting'onoting'ono n'kumagawa ulere, akunena kuti fungo ndiye wailesi ya munthu wosauka. Tomato ankaitanitsa wa ku Jenda. Mvula ikagwa ankaikamo bowa. Tchizi ankapanga okha kuchokera ku chambiko cha ng'ombe zawo, kuchisefa pansalu, kuchithira mchere, n'kuchipsinja ndi mwala.

Zinayenda, ndipo pamenepa ndikhoza kulumbira. Ana a anthu a m'boma amene ankangoiona pitsa pa kanema anayamba kuvutitsa makolo awo. Phwando la tsiku lobadwa lopanda pitsa ya a Nyirenda linkaoneka la kumudzi. Anamwino ankagula ziwiriziwiri, madalaivala a matabwa ochokera ku Chikangawa ankaima kuti atengere akazi awo, ndipo atsikana ankayamba kaye aijambula pa foni isanalowe m'kamwa. Mayi wina wa ku Embangweni anaigula, nakaiwiritsa m'madzi ngati chinangwa, n'kubwera mawa lake kudzakalipa kuti amugulitsa phala. Adada anamukhazika pansi, namuphikira ina, namutumiza kwawo ali ndi yachitatu m'jumbo. Pitsa ya masiku amenewo inali yokoma, ndipo yewo wathu, zikomo wa kuno, anali woona.

Kenaka kunabwera chaka chija tinkayenda titatseka pakamwa ndi pamphuno. Adada anadwala, nachira, koma anadzuka opanda lilime. Izi anandiuza ine ndekha, tsiku lina ndikuyanika zovala. Anayang'ana uku ndi uku kaye, n'kunena motsitsa mawu kuti tiyi, nyama, tsabola, zonse m'kamwa mwawo zasanduka thonje.

"Sono a Msambizgi, lilime langa ndinu," anatero. "Mukamva chalakwika mundiuze. Musandiope yayi."

Ndinavomera msangamsanga, monga timavomerera zinthu kwa akuluakulu, osaganiza kuti adzafunsadi.

Munthu wina akanayamba kuyeza mchere ndi supuni. Osati Adada. Ankanyoza ophika ndi supuni, ankati dzanja la wophika lili ndi maso. Koma dzanjalo linazolowera kufunsa lilime, ndipo lilime likangoti chete, dzanja linkawonjezera pang'ono poopa kuti mwina wachepa. Mchere unalowa mu ufa, unalowa mu tomato, unalowa mu tchizi, ndipo mwezi uliwonse unkakwera. Ogula sanadandaule. Kwathu kuno munthu sakuuza kuti chakudya chako chaipa. Amangoti tidzabwera mawa, n'kuyamba kudzera msewu wina. Adada anaona anthu akuchepa, nafunafuna chifukwa, nachipeza: magetsi. Anati pitsa ikasungunuka n'kuumanso imataya ulemerero wake, choncho pafunika jenereta ndi fuliji yachiwiri. Ndalama zake zinali zikudya msipu ku Manyamula.

Linali Lamlungu masana titangoweruka ku tchalitchi pamene anagogoda pakhomo panga.

"A Msambizgi, ndapota, bwerani mutiweruze."

Pakhonde pawo ndinapeza amama NyaTembo atakhala pamphasa, nkhope ili gwa. Analiponso a Makwinja, wapolisi wa ku Mulanje amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yanga. Pampando wapakati panali mbale ya magawo awiri a pitsa yotentha, ndipo pambali pake panali foni, yotsegula kuti tonse tizimva.

"Mchere, a Msambizgi," anayamba amama osadikira moni. "Mchere wachuluka chomene. Ine ndanena mpaka mawu atha. Akuti lilime langa n'la kumudzi. Sono akufuna agulitse ng'ombe za mwana."

"Awa sanadutsepo Jenda," anatero Adada akuloza akazi awo ndi chibwano. "Pitsa angaidziwire kuti? Mbwenu inu anthu oyenda mulawe, Wongani amve yekha."

Mufoni munamveka phokoso la magalimoto, kenaka mawu a mnyamata amene ndinali ndisanamuonepo.

"Monire a Madamu. Nenani zoona, ine ndili kutali. Ngati bizinesi ili bwino ine ndine wokonzeka kubwera."

A Makwinja ndiwo anayamba. Analuma, natafuna, maso awo n'kuchita kulengeza misozi, koma anameza mwachimuna.

"Bwana, iyi ndiye ya m'tauni yeniyeni," anatero akufunafuna kapu ya madzi.

Ine ndinaluma yanga. Inali ngati bakayawo wosaviika. Ndinadzutsa maso, n'kupeza Adada akundiyang'ana, kachipewa koyera kali m'manja, akukapotokola. Sanali kuyang'ana ngati munthu wofuna kupambana mlandu. Ankandiyang'ana ngati munthu amene wandibwereka chinthu chake ndipo akufuna amve ngati chili bwino. Ndinaganiza za mwana ali pafoniyo, akumva bambo ake akuuzidwa ndi mlendo wa pa lendi kuti ntchito imene anaigwira theka la moyo wawo yawakanika. Kwathu anandilera kuti chakudya cha wamkulu umalandira ndi manja awiri, ndipo ukatha umathokoza. Palibe anandiphunzitsa chochita wamkuluyo akakupempha kuti umutsine khutu.

"Ikukoma, Adada," ndinatero. "Ikukoma ngati kale."

Adada anaseka ngati mwana, nanyamula foni n'kulowa nayo m'nyumba akulankhula mokweza. Amama anatenga mbale ija, nayang'ana gawo langa limene ndinangoluma kamodzi.

"Yewo, a Msambizgi," anatero.

Ndalandira mayewo ambiri pa Mzimba pano, koma ameneyu ndimamumvabe mpaka lero.

Ng'ombe zinapita sabata yotsatira. Fuliji yachiwiri inabwera kuchokera ku Mzuzu pamodzi ndi jenereta, ndipo khoma langa linayamba kung'ung'udza kawiri. Chambiko chimene chinkabwera chaulere kuchokera kumudzi anayamba kuchigula. Ogula sanabwerere. A Makwinja anawasamutsira ku Karonga miyezi ingapo pambuyo pake, nandisiyira ine ndekha mlandu wa anthu awiri.

Musaganize kuti sindinayesepo. Ndinayesa, koma mwa njira yathu ija yozungulira phiri. Tsiku lina ndinawauza kuti a chipatala akuti mchere wambiri umakweza magazi. Anandiyankha kuti zimenezo n'za odwala, ndipo pitsa yawo ndi ya anthu amoyo. Tsiku lina ndinati mwina anthu a masiku ano amakonda zosakolera kwambiri. Anati a Msambizgi, inu munalawa, munati ili ngati kale, nanga tisinthirenji chinthu chabwino? Kunena zoona tsopano kunali kuvomera kuti khola la ku Manyamula linaphwasuka ndi mawu anga. Akuluakulu amati manyazi anapha lambe, koma anga anapha ng'ombe za eni ake, ine n'kutsala wamoyo ndikupita kusukulu tsiku ndi tsiku.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Wongani ankafunsa kawirikawiri kuti abwere liti, ndipo amene ankamuletsa anali bambo ake omwe. Ankamuuza kuti adikire kaye zinthu zikhazikike. Sankafuna kuti mwana adzapeze mafuliji awiri odzaza ndi khola lopanda kanthu. Amama anasiya kukangana nawo, ndipo bata limenelo linali loopsa kuposa phokoso lija. Ine ankandipatsa moni bwinobwino, ndikadwala ankandiphikira phala, koma nkhani ya pitsa sanaitchulenso pamaso panga.

Pomaliza Adada anasiya zoyenda ndi njinga. Jenereta anagulitsa. Koma fuliji yakale ija sanaizimitse, ndipo mkati mwake munkakhala pitsa imodzi, yaikulu kuposa zogulitsa zija, yokulungidwa bwino, ya Wongani akadzafika. Magetsi akazima nthawi yaitali n'kusungunuka, ankapanga ina, yakaleyo n'kuitenthetsa n'kubwera nayo kwa ine. Ndinkalandira ndi manja awiri. Tsiku lina anapeza nkhuku zikujompha magawo ake kudzala kuseri kwa nyumba yanga. Anaima nthawi ndithu, manja ali m'matumba a jekete lija.

"Nkhuku za pano zikudya ngati za ku Joni," anatero.

Ndinati inagwa pansi mwangozi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kubwerera kwawo. Sindidziwa ngati anandikhulupirira kapena anangondichitira ulemu womwe ndinkawachitira iwo. Mwezi wotsatira anabweranso ndi ina.

Anamwalira m'chipatala atadwala masiku ochepa. Thupi linadikira kumotchale mpaka Wongani atafika, atakhala pa mpando wakutsogolo wa galimoto ya transipota. Azimayi ophika pamaliro anafuna kusunga nyama m'mafuliji. Amama anawatsekulira yatsopano ija, koma yakaleyo anaifunditsa bulangete n'kukhalapo okha pamwamba, monga ankachitira amuna awo. Palibe anayerekeza kufunsa.

Titabwerako ku Manyamula, anthu atabalalika, amama anandiitana. Pakhonde panali mbaula yoyaka kale, poto ndi chivindikiro chachitsulo. Wongani anakhala pampando wa bambo ake, wamtali ngati iwo, manja ake otuwa ndi sopo wa magalimoto.

"Mutenthetsereni ndinu, a Msambizgi," anatero amama akundipatsa pitsa ija, ikutuluka nthunzi ya chisanu. "Munaphunzira bwino."

Ndinachita monga anandiphunzitsira, makala ochepa pansi, ambiri pamwamba. Fungo lake linali labwino, fungo silinawakanikepo. Tikudikira, Wongani anandiuza kuti chaka chija cha foni anali atalongedza kale katundu, ndipo chikwama chinakhala pakona mpaka anayamba kuchotsamo zovala imodziimodzi. Sankandidandaulira, ankangocheza. Ndinamuikira gawo m'mbale.

Analuma, natafuna, naleka. Anayang'ana pitsayo, nayang'ana mayi ake.

"Amama, mchere unali chonchi kuyambira kale?"

Amama sanandiyang'ane. Anali akusonkhezera makala ndi kamtengo.

"Funsa a Msambizgi," anatero. "Ndiwo anali lilime la adada ako."

Mnyamatayo anatembenukira kwa ine, ndipo ndinaona kuti mawu anga wawakumbukira, mawu a mayi wa pafoni uja amene anati ikukoma ngati kale. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali kulira basi. Anakokera mbale pafupi, nadya gawo lija, nadya lachiwiri, mpaka pitsa yonse inatha, osamwa madzi. Atamaliza anapukuta m'manja, nati yewo, osati kwa ine, osatinso kwa mayi ake, koma chakumene kunali fuliji.

Wongani anabwerera ku Joni sabata yathayi. Pano panalibe choti chimugwire, khola mulibe ng'ombe, ndipo amama akufunika wowatumizira thandizo. Mafuliji onse awiri anagulidwa ndi mwini bucha wina wa kumsika, amene akusungamo nyama ya mbuzi.

Dzulo amama anandipempha kuti ndiwathandize kusesa m'chipinda cha mafuliji chija. Pasimenti patsala malo awiri oyera, amakona anayi, wina wowala kwambiri kuposa mnzake, ozunguliridwa ndi fumbi ndi dzimbiri. Soketi ikadali pakhoma, yakuda pang'ono m'mbali mwake. Pamsomali pali jekete lokhuthala lija, kachipewa koyera kakusuzumira m'thumba. Mwala wopsinjira tchizi amama akutsekerezera chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Panja penti yofiira ija yayamba kusupuka, koma dzina la Wongani likuwerengekabe kuchokera kumsewu. Pamene pankakhala tebulo lokandira ufa pali mng'alu wautali wa simenti, ndipo mng'aluwo ndi wodzaza ndi mchere umene unkagwa m'dzanja lawo. Ndinausesa ndi tsache, ndinaukanda ndi mpeni, koma wauma m'menemo. Amama anandiyang'ana ndili chogwada, nandiuza kuti ndiusiye.